Kubwerera ku maphunziro utapitirira zaka 40 muno mu Lusaka: phindu lake lili pati?

NaTembo, Chawama

Akuluakulu ndi anzanga, funso ndabwera naloli ndi la gulu. Pa chilimba chathu, gulu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, tilipo 14, amayi ndi abambo, wamng'ono ali ndi zaka 38, wamkulu 56. Nkhani ya kuphunzira munthu utakula yatigawa pawiri. Ena akuti kuwongola mtengo mpoyamba, mutu ukakhwima sulowanso kanthu, ndalamazo bola kulipirira ana. Ena akukana.

Kuti muyankhe zogwirika, anthu ake ndi awa. Pali bambo wowotcherera zitsulo, ntchito amaidziwa koma pepala alibe. Pali amayi amene anafika Giredi 12 kalekale, Masamu ndi Chingerezi n'kuwagwetsa. Pali amayi awiri ogulitsa tomato amene kuwerenga amachita kugwiragwira. Ndiye pali akalaliki a m'boma a zaka 52 amene mtima uli pa dipuloma. Kodi anthu otere angapindule chiyani chenicheni, ayambire pati, ndipo misampha ili poti? Zongolimbikitsana tamva kale kutchalitchi, pano tikufuna ndondomeko yake.

APhiri, Kabwata

AnaTembo, ine nditengapo mbali ya mapepala, zina ena awonjezera.

Pepala limathandiza pokhapokha pali khomo limene likulifuna. Munthu asanatulutse ngwee, atchule khomolo: koleji yakuti, ntchito yakuti, layisensi yakuti. Akalephera kulitchula, ndalamazo zikhale kaye m'thumba.

Amayi a Giredi 12 aja njira yawo ndi GCE, mayeso a Examinations Council of Zambia (ECZ) a anthu olembera kunja kwa sukulu. Sabwerera kukakhala pa desiki ndi ana, ndiponso salemba maphunziro onse, amangobwereza amene anawagwetsa. Magiredi a ECZ amayenda motere: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 ndi merit, 5 ndi 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kugwa. Mayunivesite ndi makoleji ambiri a dipuloma amafuna ma credit 5, Chingerezi chili momwemo, ndipo pa makosi ambiri Masamu nawonso. Choncho atulutse pepala lawo lakale m'sutikesi aliwerenge bwino. Ngati ma credit atatu alipo kale, atsala ndi awiri basi. Zatsopano zimawerengedwa pamodzi ndi zakale, kungoti afunse koleji imene akuifunayo ngati imaika malire pa maulendo amene munthu walemba.

Mayesowa amalembedwa pakati pa chaka, cha mu Julaye ndi Ogasiti, koma kulembetsa kumatsekedwa kumayambiriro kwa chaka. Apa mpamene ambiri amatayira chaka chathunthu: amadzidzimuka mu Epulo zonse zitatsekedwa. Maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 ndi a ana a m'sukulu za boma, wa GCE amalipira phunziro lililonse palokha.

Msampha waukulu ndi uwu. Munthu amapereka ndalama pamanja kwa mwini malo ophunzitsira amene si senta yovomerezeka, n'kudzamva mu Juni kuti dzina lake silinalowe. Ndiye funsani nambala ya senta, lipirani kudzera njira imene ECZ yalengeza chaka chimenecho, sungani lisiti, ndipo kaundula wa olemba akatuluka pitani mukaone ndi maso anu. Onani kalembedwe ka dzina ngati kakufanana ndi ka pa chitupa cha unzika (NRC), tsiku lobadwa, ndi nambala za maphunziro: Chingerezi ndi 1121, Masamu ndi 4024. Amayi apabanja achenjere kwambiri. Ngati pepala lakale lili ndi dzina la kwa makolo, latsopanoli lisabwere ndi dzina la amuna awo, chifukwa mapepala awiriwo adzaoneka ngati a anthu awiri, ndipo kukonza kwake n'kwa malumbiro ndi mitunda yopita ku Longacres kumene kuli likulu la ECZ.

Kwa munthu wogwira ntchito, maphunziro awiri pa ulendo umodzi ndi okwana, atatu ndiwo malire. Olembetsa 6 nthawi imodzi kawirikawiri amatuluka ndi ma 7 ndi ma 8, ndalama zitapita, khomo lili chitsekere.

Masamu ali ndi mapepala awiri, loyamba lopanda calculator. Munthu wozolowera kuwerengera pa foni amagwera pomwepo, pa ma fraction, ma decimal ndi kugawa. Miyezi iwiri yoyamba ithere pa zimenezi ngakhale zioneke ngati za Giredi 7. Pa pepala lachiwiri mitu yake imabwerabwera chaka ndi chaka: matrices, sets, earth geometry, linear programming, construction. N'chifukwa chake mapepala a mayeso a zaka 5 zapitazi amathandiza kuposa buku latsopano lodula. Construction siiwerengedwa ndi maso, imafuna kampasi ndi rula m'manja.

Chingerezi chimagwetsa ngakhale amene amachilankhula mothyakuka m'tauni. Summary ili ndi malire a mawu, ma rewrite (kulembanso chiganizo m'njira ina) ali ndi malamulo ake oti uwaloweze pochita, ndipo kalembedwe kachidule ka pa WhatsApp kamalowa m'dzanja munthu osadziwa. Alembe chimangirizo chimodzi pa sabata, wina wodziwa achonge ndi cholembera chofiira. Wosowa credit yachisanu aganizirenso Cinyanja, nachonso ndi phunziro la mayeso, koma asachiyese chaulere: muli galamala ndi mabuku oti awerenge. Za malikeji, mapepala a mayeso akuba ogulitsidwa pa foni, asayandikire. Ambiri ndi abodza, ndipo wogwidwa nawo zotsatira zake zimafafanizidwa.

Akalaliki ofuna dipuloma aone zinthu ziwiri zosiyana: ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa, ndi ngati kosi yeniyeniyo ndi yovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala ndi satifiketi pakhoma koma kosi imene mukuifunayo isanavomerezedwe. Mayunivesite amayang'aniridwa ndi Higher Education Authority, makoleji a luso ndi bungwe la TEVETA; za makosi a unamwino funsaninso ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, za a uphunzitsi ku Teaching Council of Zambia. Olemba ntchito ambiri masiku ano amafuna pepala lotsimikizidwa ndi ZAQA, bungwe la boma lotsimikizira mapepala a maphunziro, ndipo dipuloma ya kosi yosavomerezeka imakakanikira pamenepo, zaka zitatu zitatha kale. Kophunzira uku ukugwira ntchito kulipo: National Institute of Public Administration (NIPA), koleji ya Evelyn Hone, Zambian Open University, ndi maphunziro akutali a University of Zambia (UNZA). Akutaliwa ali ndi masabata ena oti mukaonekere pasukulu, ndiye tchuthi cha kuntchito chikonzedweretu.

AZulu, Garden

APhiri anena zoona, koma pa munthu wa ntchito zamanja ine ndimayambira kwina. Afufuze kaye luso limene likumutayitsa ndalama chifukwa alibe. Pepala libwere pambuyo pake.

Bambo wowotchererayo asaope kuti amubweza m'kalasi zaka ziwiri. TEVETA ili ndi trade test ya magawo atatu, Level 3 ndiyo yoyambira, Level 1 ndiyo yapamwamba, ndipo ili ndi njira yoyesa munthu amene ntchito anaiphunzirira pa shopu. Akafunse ku Lusaka Business and Technical College kapena ku Industrial Training Centre kuti mayeso otsatira ali liti. Amisiri akale dzanja ali nalo, sagwa pa kuwotcherera. Amagwa pa kuwerenga drawing, pa kuyeza mu mamilimita m'malo moyeza ndi diso, pa mayina a ma joint ndi malamulo a chitetezo. Amafunsidwanso chifukwa chake cha zinthu. Bwanji weld yatuluka ndi timabowo? Rodi inanyowa, kapena chitsulo chinali ndi dzimbiri, penti kapena mafuta, kapena rodi inatalikira chitsulo. Bwanji m'mphepete mwadyeka? Moto unachuluka. Rodi ya 2.5 mm imafuna ma amp cha pakati pa 60 ndi 90, ya 3.2 mm cha 90 mpaka 130, ndiye moto wa rodi yaikulu pa chubu chopyapyala cha geti umangoboola. Phindu la pepalalo n'lakuti limamulowetsa pa ma site a makampani. Ngakhale kulembetsa kakampani ku National Council for Construction pa Grade 6, imene ndi yotsikitsitsa, kumafuna kuonetsa mapepala a amisiri. Popanda zimenezo amakhalira kudikira wogula door frame m'mbali mwa msewu, monga timaonera kuno mu msewu wa Katima Mulilo.

Manje ndipereke chitsanzo cha luso latsopano lobweza ndalama msanga. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, malaiti ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo aliyense wodziwa kupota waya anadzitcha katswiri wa sola. Mabatire ambiri anafa chaka chisanathe. Chinkasowa ndi masamu osadzaza tsamba, oti munthu wa zaka 50 akhoza kuwagwira m'masabata ochepa. Taonani.

Nyumba ili ndi mababu 6 a 9W oyaka maola 5, ndi 270Wh (Wh ndi ma watt kuchulukitsa ndi maola). TV ya 60W maola 5, ndi 300Wh. Mafoni tinene 40Wh. Firiji yaing'ono imadya cha m'ma 1,000Wh pa tsiku. Zonse pamodzi 1,610Wh. Onjezani kota ya zimenezo chifukwa cha mphamvu yotayikira mu inverter (chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba), m'mawaya ndi mu batire, mufika pa 2,000Wh. Kuno dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola 5 pa tsiku, ndiye 2,000 kugawa ndi 5, mukufuna mapanelo a 400W. Batire ya 12V 200Ah papepala imasunga 2,400Wh, koma ya gel kapena ya asidi siyenera kukamidwa kupitirira theka, ndiye m'manja muli ndi 1,200Wh zokha. Usiku umodzi wa mababu, TV ndi firiji umamaliza zimenezo n'kupitirira. Ikamakamidwa chonchi usiku uliwonse imafa m'miyezi yochepa, kasitomala n'kumati anamugulitsa yachinyengo. Ya lithium imalola kutulutsa 80 peresenti kapena kuposa, mpake kudula.

Palinso tina tooneka tating'ono koma towononga katundu. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, chifukwa Lusaka ili kumwera kwa equator. Panelo yaikulu ya 400W ikapita ku batire ya 12V kudzera pa controller (kabokosi koyang'anira kutchaja kwa batire) ya mtundu wa PWM, mphamvu yoposa theka imatayika; imafuna ya mtundu wa MPPT ya 40A. Polumikiza, batire ilowe kaye ku controller, panelo pambuyo. Inverter ya 1,000W pa 12V imakoka ma amp oposa 80, ndiye waya wa 2.5 mm² wa masoketi umatentha mpaka kusungunuka. Pamafunika wa 25 mm², waufupi, ndi fyuzi pafupi ndi batire. Firiji ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa yolembedwa kumbuyo kwake, ndipo imafuna inverter ya pure sine wave, apo ayi mota imatentha. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala lizitsukidwa m'mawa galasi lisanatenthe.

Wodziwa izi amalemba kotesheni yoona, sabwerera kukakonza ulere, ndipo mu komboni mbiri yake imamveka yokha. Pa YouTube zilipo zambiri, koma za magetsi musaphunzirire pa foni pokha. Pezani kosi yaifupi pa koleji yolembetsedwa ndi TEVETA, yokhala ndi zida zoti mugwire, chifukwa kulakwitsa kwa apa kumawotcha nyumba ya mwini.

NaMwale, Chelstone

AnaTembo, amene akuti mutu ukakhwima sulowa kanthu akulondola pang'ono chabe. Chimachepa ndi changu. Wamkulu amachedwerapo kugwira chatsopano, ndipo phokoso limamusokoneza msanga. Koma mawu amene amadziwa, kumvetsa nkhani, ndi kulumikiza chatsopano ndi zimene anaona kale, zimenezo pa zaka 40 kapena 50 zimakhala zili zolimba ndithu. Ubongo umasinthabe ukamagwiritsidwa ntchito. Mu 2000 ofufuza ku London anajambula ubongo wa madalaivala a mataxi, anthu amene amaloweza misewu masauzande ali aakulu kale. Anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus, kachigawo kosunga njira ndi malo, inali yaikulu kuposa ya anthu ena, ndipo amene anakhalitsa pa ntchitoyo ndiwo anali nayo yokulirapo.

Musanadzudzule mutu, pimitsani maso. Kuyambira cha pa zaka 40 diso limayamba kulephera kuona zapafupi. Ndi ukulu chabe. Mudzaona munthu akutalikitsa foni kuti awerenge, mutu ukumuwawa pakangotha mphindi 15, tulo tikubwera akangotsegula buku, iye n'kumati sukulu yamukana. Magalasi owerengera a +1.00 mpaka +2.50 amathetsa vutoli kwa ambiri. Koma yambirani kuchipatala, chifukwa shuga ndi BP nazo zimawononga maso, ndipo wogulitsa magalasi pa City Market sangakuuzeni zimenezo. Kanyali ka sola ka patebulo kagulidwe buku lachiwiri lisanagulidwe.

Tsopano kawerengedwe. Akulu ambiri amakhala maola anayi Lamlungu masana, kuwerenga n'kumadula mizere kunsi kwa mawu. Pofika Lachitatu zonse zauluka. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaziyeza kale mu 1885: zambiri zimene taphunzira zimatayika m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo chozigwira ndi kubwereza motalikitsa nthawi. Paja mphini yobwereza ndiyo imawala. Chitani chonchi. Tsiku loyamba phunzirani mutu umodzi mphindi 30 kapena 40. Tsekani buku, tengani pepala losalembapo, lembani zonse zimene mukukumbukira, kenako tsegulani muone zimene zasowa. Mawa lake musayambe ndi kuwerenga, yambani ndi kudzifunsa. Teroninso pakatha masiku 3, pakatha sabata, pakatha mwezi. Kudzifunsa kumawawa chifukwa kumakuonetsani poyera zimene simukudziwa, n'chifukwa chake anthu amakuthawa n'kuthamangira kuwerenganso, kumene kumakoma. Kukomako n'kuzolowera tsamba chabe, pa mayeso tsambalo kulibe.

Khalani ndi kope la zolakwa. Mulembemo funso limene munaphonya, yankho lanu, yankho loona, ndi chifukwa chake m'mawu anuanu, ngakhale m'chilankhulo chathu chomwechi. Mwezi womaliza mayeso asanafike, kope limeneli ndilo buku lanu. Nthawi imene imatheka kwa ambiri ndi cha m'ma 04:30, ana asanadzuke. Mu minibasi, magalimoto atatsekana pa Great East kapena pa Kafue Road, muziyankha timakadi ta mafunso, zatsopano sizilowa m'phokoso. Tulo musadule, ubongo umakhazikitsa za tsikulo munthu ali m'tulo. Wa mavidiyo atsitse pa 360p, imene imadya cha m'ma 300MB pa ola, pamene 720p imayandikira 1GB. Khan Academy ndi yaulere ndipo Masamu ake amayambira pansi penipeni. Amene kunyumba kulibe mpata, Lusaka City Library ili pa msewu wa Katondo.

Amayi a tomato asayambe ndi Chingerezi. Ayambe ndi chimene amalankhula, chifukwa kalembedwe kathu kamatsata katchulidwe: a e i o u, kenako ma me mi mo mu, ta te ti to tu, mawu n'kuyamba kumangika okha. Za mb, nd, ng' ndi mph zibwere pambuyo. Makalasi a sukulu ya akulu amayendetsedwa ndi a boma a Community Development ndiponso mipingo ina, funsani kwa akhansala kapena ku ofesi ya wadi. Zowerenga zichokere m'chikwama mwawo momwe: khadi la sikelo ya mwana, kapepala ka mankhwala kolembedwa 1 x 3, lisiti ya msika, uthenga wa mobile money. Uthengawu uli m'Chingerezi, koma mawu ofunika ndi ochepa, received, sent, balance, kwinako ndi manambala. Phindu lake silichedwa. Mayi wowerenga yekha sapereka PIN kwa mwana wa neba kuti amuonere ndalama, ndipo ukabwera uthenga uja woti ndakutumizirani molakwika bwezani, amaona kuti wachokera pa nambala ya munthu, n'kuyamba waona balansi. Chimodzi chokha: mphunzitsi asakhale mwana wawo. Mwana amapsa mtima, kholo limachita manyazi, sukulu n'kuthera pomwepo.

Za ukalamba ndinene mosakokomeza. Lipoti la akatswiri la 2024 la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zotheka kuzisintha zimene zimakweza chiopsezo cha matenda oiwala a ukalamba, ndipo pamodzi zimakhudza pafupifupi 45 peresenti ya odwalawo. Pa mndandandawo pali kuchepa kwa maphunziro, kusamva bwino, BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusayendayenda ndi kukhala wekhawekha. Kosi si katemera ayi. Koma kalasi ya kawiri pa sabata imamutulutsa munthu m'nyumba, imamuyendetsa, imamupezera anzake ocheza nawo, ndipo apo wakhudza kale zingapo za pa mndandanda uja.

NaTembo, Chawama

Zikomo nonse, za maso zija zatigwira ambiri. Chatsala ndi ndalama. Akalaliki aja akuganiza zotenga kaloba, ngongole ya chiwongola dzanja chokwera, ya fizi yoyamba, ndipo ena akuti CDF, thumba la boma la chitukuko cha constituency, imalipirira sukulu. Amayi a tomato nawo akuti kuwerenga avomera, koma masamu a pamsika ndiye amatiposa tonse, palibe chowaphunzitsa.

ABanda, Matero

Kaloba ayi, anaTembo, muwauze motsindika. Ngati wobwereketsa akufuna K30 pa K100 iliyonse pamwezi, K1,000 imakhala K1,300, mwezi wachiwiri K1,690, wachitatu K2,197. Dipuloma siibweza ngwee mpaka itatha, ndiye ngongole yokula mwezi ndi mwezi singalipirire chinthu chodzabala pakatha zaka zitatu. Chilimba chanucho ndicho chida chake. Sinthanani malo kuti wa sukulu alandire mwezi umene fizi ikufunika.

Koma asanafike poti ndalama zichokera kuti, achite masamu awa ndi manambala awoawo, angawa ndi ongoyerekeza. Tinene fizi, mabuku, mabasi ndi data zonse pamodzi ndi K60,000 pa zaka 3, ndipo dipulomayo ikweza malipiro ndi K1,500 pamwezi. Kubweza K60,000 kutenga miyezi 40, ndiye zaka 3 ndi miyezi 4. Zaka zopumira ntchito kuno ndi 60, ngakhale munthu akhoza kupuma pa 55 kapena kupempha kufika 65. Woyamba ali ndi zaka 45 amamaliza pa 48, zake zimabwerera pa 51 ndi miyezi 4, ndipo amadyerera miyezi 104, K156,000. Woyamba pa 52 amamaliza pa 55, zake zimabwerera pa 58 ndi miyezi 4, yotsala ndi miyezi 20, K30,000. Ndipo apa tikuyesa kuti akwezedwa tsiku lomwe alandira pepala. M'boma sizitero. Kukwezedwa kumadikira malo opanda munthu, n'chifukwa chake aphunzitsi ambiri a madigiri akulandirabe malipiro a dipuloma. Apite kwa a HR, oyang'anira za antchito, akafunse kuti dipuloma imeneyo ikuwatsegulira udindo uti, ndipo malo ake alipo angati.

Kwa ine, munthu wa zaka 52 adzifunse kuti pa 60 adzakhala akuchita chiyani. Ngati ndi nkhuku, dimba ku Chongwe, kapena kusungira mabuku eni tuntemba ndi mabizinesi ang'onoang'ono, kosi ya miyezi ingapo pa chinthu chimenecho, n'kuchiyesa pang'onopang'ono malipiro akadalipo, imateteza ndalama za penshoni kuposa dipuloma. Penshoni zambiri zimamira m'bizinesi imene mwini wake akuiphunzira ndalama zonse zili kale m'kati. Koma ngati akuifuna dipulomayo chifukwa mtima unatsalira pamenepo kuyambira ubwana, nachonso ndi chifukwa chomveka. Angodziwiratu kuti phindu lake n'la mumtima, si la pa payslip, ndipo asailipire ndi ngongole.

Amayi a tomato akunena zoona, pa chenji simungawabere. Chimene mutu susunga ndi tindalama totuluka apa ndi apo. Tiyese ndi bokosi limodzi. Ku msika wa Soweto mwaoda K250. Wa wilibala K10, basi K20, msonkho wa msika K5, mapulasitiki K10. Bokosi lafika patebulo lili pa K295. Likutulutsa milu 40 ya K10, ndiye m'mutu phindu ndi K150, chifukwa mutu ukuchotsera K250 yokha ija. Koma tomato wa milu 6 waphwanyika kapena wawola, wa milu 2 wapita pa mbasela, mulu umodzi walowa m'ndiwo za kunyumba. Yagulitsidwa ndi 31, K310. Phindu lenileni ndi K15. Mitengo imasintha ndi nyengo, koma potayikira ndalama ndi pomwepa. Kope la mizere inayi, wa tsiku, wa zolowa, wa zotuluka ndi wa zotengera kunyumba, likalembedwa madzulo aliwonse kwa mwezi umodzi, limaonetsa tsiku la sabata losayenera kuoda mabokosi awiri, ndiponso kasitomala wa ngongole amene akudya mpamba. Kulemba kumene anaMwale anena kuja kuyambire pa kope limeneli.

APhiri, Kabwata

Pa CDF, anaTembo: inde, kuyambira 2022 pamene thumbali linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, muli gawo la ma bursary a maphunziro a luso. Koma ndi la achinyamata, malire ake ndi zaka 35, ndiye pa gulu lanulo palibe angalowe, ana anu ndiwo angapindule. Fomu imadzera ku Ward Development Committee, imafuna NRC ndi kalata yoti koleji yalandira mwanayo, choncho malo a sukulu apezeke kaye. Inu akuluakulu gawo loti mufunse ndi la ma grant ndi ngongole za magulu, limene limafuna gulu lolembetsedwa mwalamulo lokhala ndi akaunti kubanki.

Amene ali pa ntchito m'makampani adziwenso ichi. Kuyambira 2017 olemba ntchito amalipira Skills Development Levy ya 0.5 peresenti ya malipiro onse, ndipo mbali ya ndalamazo imapita ku maphunziro a antchito kudzera ku TEVETA. Afunse abwana ngati kampani inapemphapo.

Amayi a GCE aja ayambe ma fraction mwezi uno, asadikire kuti kulembetsa kutsegulidwe.